Mavidiyo akale a .rm, .flv ndi .wmv akukana kutseguka pa foni? Nayi njira yowakonzera

Vuto ili limabwerabwera, makamaka nthawi ya ukwati, maliro kapena kuvundukula chiliza. Wina pa banja amakumbukira kuti paja vidiyo ya ukwati wa amalume ija ilipo penapake, akafukula hard drive yakale kapena ma CD a mu katoni pamwamba pa wodilopu, aipeza ndithu, aiponya pa gulu la WhatsApp la banja, nde a ku Mbare, a ku Highfield ndi a ku Mufakose mu Harare, a kumudzi ku Dedza ndi a ku Joni onse akungoyankha chimodzi, "sikutseguka". Kwa ena ikutulutsa mawu okha sikirini ili bii, kwa ena chithunzi chikuyenda koma mawu palibe. Zomwezi zimachitika ndi mavidiyo a kwaya za ku CCAP, a beni ndi a misonkhano ya ma burial society amene anajambulidwa kale kale.

Nthawi zambiri fayiloyo ndi yabwinobwino, kungoti inapangidwira dziko lina limene linatha. Nthawi ya dial-up ndi ma internet cafe anthu ankaonera ndi RealPlayer, ndipo RealVideo inatuluka mu 1997, nde ndi kumene kunachokera ma .rm ndi .rmvb. Microsoft anali ndi yawo, .asf ndi .wmv. Kenako Flash inalanda msika, YouTube itayamba mu 2005 inkagwiritsa ntchito Flash ndipo aliyense amene ankadawuniloda nyimbo nthawi imeneyo ankapeza .flv. YouTube inasamukira ku HTML5 mu January 2015, Adobe nayo inasiya kusamalira Flash pa 31 December 2020. Mafoni ndi ma browser a lero amayembekezera MP4 yokhala ndi chithunzi cha H.264 ndi mawu a AAC, ndipo ndi kumene tikupita ndi fayilo iliyonse, kaya yachokera kuti.

Choyamba, osasintha dzina basi nkumaganiza kuti mwakonveta. Kuchotsa .flv nkulemba .mp4 sikusintha kanthu. Zili ngati matumba a feteleza aja timasungiramo chimanga, zolembedwa kunja sizikuuzani za mkati. Kathero ka dzina, .flv, .mp4, .wmv, kamangonena za thumba, pomwe chimene foni imavutika nacho ndi kodeki, njira imene chithunzi ndi mawu anazipanikizira mkatimo. Komanso Windows imabisa mathero amenewa, nde pitani mu File Explorer pa View muyatse File name extensions kuti muziona chimene muli nacho.

Chachiwiri, onani kukula kwa fayilo musanataye nthawi. Ngati ikuthera .ram kapena .asx ndipo ndi ya 1 KB, mulibe vidiyo mmenemo abale. Itseguleni ndi Notepad, mupeza kamzere kamodzi kapena kawiri kokhala ndi rtsp:// kapena pnm:// kapena mms://, imeneyo ndi adilesi ya seva kumene vidiyoyo inkakhala, ndipo ma seva ambiri amenewo anazimitsidwa kalekale. Palibe pulogalamu ingatulutse vidiyo mu fayilo yotere. Chomwe mungachite nkutenga dzina la fayilo limene lili kumapeto kwa adilesiyo, mwachitsanzo kwaya1.rm, nkulisaka pa hard drive yonse, mwina wina anaisunga yeniyeniyo mu foda ina. Ya .swf nayo ndi nkhani ina, nthawi zambiri imakhala player chabe kapena katuni, vidiyo yake inali .flv yapadera pambali pake.

Mukapeza fayilo yeniyeni, ya ma MB ambiri, ikopereni kaye malo awiri. Yoyambirirayo musaifufute ngakhale mutakonveta bwino, ntchito yonse muzichitira pa kope.

Za zida, mukufunika zitatu zaulere: VLC yoonera, FFmpeg yokonvetera, ndi HandBrake kwa amene safuna kulemba mizere. Ine mapulogalamu aja otchedwa "free video converter" sindiwalimbikitsa, ambiri mkati mwake ndi FFmpeg yomweyi anangoiveka malaya, kenako amakuikirani chidindo chawo pakati pa nkhope ya mkwatibwi kapena amadula vidiyo pakatikati kuti mulipire. Ndipo tsamba likakuuzani kuti dawunilodani kodeki yapadera kuti muonere, thawani, ndi njira yakale yolowetsera ma virus. Ma converter a pa intaneti nawo amadya bandulo kawiri, pokweza ndi potsitsa, kuwonjezera apo vidiyo ya maliro a agogo mwaisiya pa kompyuta ya munthu amene simukumudziwa.

Pa Windows 10 kapena 11 FFmpeg mutha kuiika potsegula Command Prompt nkulemba winget install Gyan.FFmpeg, mukatero tsekani windo nkutsegula ina kuti izindikirike. Kuti musavutike ndi njira zazitali za mafoda, tsegulani foda imene muli mavidiyo, dinani pamwamba pa malo a adilesi, lembani cmd nkumenya Enter. Windo yakuda itseguka muli kale mu fodayo.

Tsopano suzumirani mkati mwa fayilo ndi ffprobe, imene imabwera pamodzi ndi FFmpeg. Mu windo yakuda ija lembani:

ffprobe -hide_banner "ukwati.flv"

Zituluka zambiri koma inu yang'anani mizere iwiri imene ikuyamba ndi mawu oti Stream. Wina ukhala ndi Video: kenako dzina, wina Audio: kenako dzina. Pa Video mutha kuona h264, flv1, vp6f, rv30, rv40, wmv2, wmv3, h263 kapena mpeg1video, ndipo patsogolo pake pali kukula ngati 320x240 kapena 352x288. Pa Audio mutha kuona aac, mp3, cook, wmav2, nellymoser kapena amr_nb. Mizere iwiri imeneyi ndi imene ikuuzeni chochita, nde musailumphe.

Ngati mwaona h264 ndi aac, mwayi wanu. Flash inayamba kulandira H.264 mu 2007, choncho ma .flv ambiri a pambuyo pake mkati mwake ndi amakono kale, thumba lokha ndi lakale. Apa simukonveta, mungosamutsa:

ffmpeg -i "ukwati.flv" -c copy -movflags +faststart "ukwati.mp4"

Zitha mu masekondi ochepa ngakhale pa laputopu yotopa, ndipo chithunzi sichiwonongeka ngakhale pang'ono chifukwa sichinakhudzidwe. Anthu ambiri amaphonya apa, amathira fayilo yotere mu converter, kudikira maola, nkutulutsa chinthu choipa kuposa chimene anali nacho. HandBrake nayo siingachite zimenezi, iyo nthawi zonse imapanga chithunzi mwatsopano. Ngati chithunzi ndi h264 koma mawu ndi mp3 kapena nellymoser, sungani chithunzi, sinthani mawu okha, mmalo mwa -c copy lembani -c:v copy -c:a aac -b:a 128k.

Zina zonse, ma rv40, wmv3, vp6f, flv1, zikufunika kukonveta kwenikweni. Mzere wake ndi uwu:

ffmpeg -i "kwaya.rmvb" -c:v libx264 -crf 20 -preset medium -pix_fmt yuv420p -c:a aac -b:a 128k -movflags +faststart "kwaya.mp4"

Nambala ya crf ndi imene imalamulira ubwino wa chithunzi, imayambira 0 kufika 51, ikatsika chithunzi chimakhala chabwino fayilo nkukula, ikakwera fayilo imachepa chithunzi nkuipa. Mukapanda kulemba imakhala 23. Pa mavidiyo akale ine ndimaika 20 chifukwa anapanikizidwa kale kamodzi, ali ndi timabokosi tawo kale, nde kuwapanikizanso mwamphamvu nkuwonjezera zilonda. Kutsika pansi pa 18 nkungotaya malo. Preset ndi liwiro, kompyuta ikakhala yakale lembani fast kapena veryfast, fayilo ikula pang'ono basi. Kachigawo ka yuv420p musakachotse. Mavidiyo ena, makamaka aja ojambula sikirini ya kompyuta pophunzitsa, amasunga mitundu mwa njira ina, ndipo mukapanda kukalemba MP4 imatuluka yoti VLC ikuisewera bwinobwino koma foni ikuonetsa mdima. Faststart imasamutsira mndandanda wa zamkati kumayambiriro kwa fayilo kuti pa intaneti iyambe kusewera isanatsike yonse.

Musayambe ndi vidiyo yonse ya maola awiri. Yesani kaye mphindi imodzi ya pakati, ikani -ss 00:20:00 musanalembe -i, ndipo -t 60 pafupi ndi dzina la fayilo yotuluka. Kachidutswako katumizeni pa foni, foni yakale kwambiri imene ili mnyumbamo, ikasewera pamenepo ndiye pangani yonse.

Amene mukufuna zodina, mu HandBrake tsegulani fayilo, sankhani preset ya Fast 576p25 kapena Fast 480p30, Format ikhale MP4, chongani Web Optimized, dinani Start Encode. Imagwira mafayilo ambiri, koma ikakana kapena mawu akasokonekera mubwereranso ku FFmpeg. VLC nayo ili ndi Convert / Save pansi pa Media, koma ine ndimaisiyira ntchito yoonera, ikalephera siinena chomwe chavuta.

Tsopano zimene zimavuta kawirikawiri.

FFmpeg ikaima nkulemba zofiira kuti width not divisible by 2, kapena height, ndiye kuti kukula kwa vidiyo kuli ndi nambala yosagawika pawiri, ngati 321 kapena 239, zomwe zimapezeka mu ma .rmvb ndi .wmv odulidwa mmbali. Onjezani ichi musanafike pa -c:v:

-vf "scale=trunc(iw/2)*2:trunc(ih/2)*2"

Chimangodula kadontho kamodzi, simungazindikire.

Vuto la mawu kusiyana ndi milomo ndi limene limadya nthawi, ndipo lili mitundu iwiri imene anthu amaisakaniza. Onerani poyambirira, pakati ndi kumapeto, makamaka pamene wina akuwomba mmanja kapena ng'oma ikulira, pamenepo ndi pomwe zimaoneka msanga. Ngati poyamba zili bwino koma pofika kumapeto abusa atseka kale pakamwa mawu akupitirirabe, ndiye kuti nthawi za mkati mwa fayilo sizikuyenda mofanana. Mafayilo a streaming, aja oonera pa intaneti pomwepo, ankataya zithunzi netiweki ikafooka, nde muli mipata. Konvetani kuchokera ku fayilo yoyambirira ija, ikani -fflags +genpts musanalembe -i, kenako onjezani -fps_mode cfr ndi -af aresample=async=1. Ngati FFmpeg yanu ndi yakale ikakana fps_mode, lembani -vsync cfr. Koma ngati kusiyanako nkofanana kuyambira poyamba mpaka kumapeto, imeneyo ndi yosavuta. Itseguleni mu VLC, muzidina K kapena J pa kiyibodi, kudina kulikonse kumasuntha mawu ndi 50 ms ndipo nambala imaoneka pa sikirini, pitirizani mpaka dzanja ndi kulira kwa ng'oma zikumane, lembani nambalayo. Ngati mawu akufulumira ndi theka la sekondi, onjezani -af adelay=500:all=1. Ngati akuchedwa ndi theka la sekondi, onjezani -af "atrim=start=0.5,asetpts=PTS-STARTPTS". Musaike -af kawiri mu mzere umodzi, wachiwiri amafufuta woyamba, mukafuna zonse zilumikizeni ndi koma mkati mwa -af mmodzi.

Nkhani ya magetsi kuno simukufunika kuuzidwa. MP4 imalemba mndandanda wake wa zamkati pomaliza penipeni, nde magetsi akathima ntchito ili pakati, kapena batire la laputopu likatha, fayilo imaoneka ilipo ndi ma MB ake ambirimbiri koma mukaitsegula imati moov atom not found. Musalimbane nayo, ifufuteni muyambirenso kuchokera ku yoyambirira. Kuti zisakuchitikireninso pa vidiyo yaitali, konvetani kaye kupita ku MKV, thumba lina la vidiyo, mzere womwewu koma chotsani -movflags +faststart ndipo dzina lithere .mkv. MKV ikadukira pakati gawo limene lalembedwa limasewerabe. Ikatha yonse isamutseni:

ffmpeg -i "kwaya.mkv" -c copy -movflags +faststart "kwaya.mp4"

Komanso mukaona FFmpeg yalemba Starting second pass: moving the moov atom to the beginning of the file, musazule fulashi kapena kutseka windo, sinamalize, dikirani mpaka malo olemba abwerere. Ndipo yang'anani kuti laputopu isagone yokha pakati pa ntchito, mu Power settings ikani Sleep pa Never ikakhala pa chaja.

Ambiri amabweretsanso ma disiki a ukwati ojambulidwa ndi ma cameraman a nthawi ija. Si a streaming koma vuto lake ndi lomweli. Pa VCD vidiyo ili mu foda ya MPEGAV, dzina lake AVSEQ01.DAT, ndi MPEG-1 ya 352x288, ikopereni pa kompyuta nkuiika pa -i monga ina iliyonse. Pa DVD muli foda ya VIDEO_TS yokhala ndi zidutswa za .VOB za pafupifupi 1 GB chilichonse, apa HandBrake ndi yabwino chifukwa mukaipatsa foda yonse imazilumikiza yokha. Mavidiyo a DVD ndi ojambulidwa kuchokera pa TV amakonda kuonetsa timizere ngati mano a chipeso mmbali mwa munthu akamavina kapena kamera ikatembenuka msanga, mankhwala ake ndi -vf bwdif, kapena yadif. Nkhope zikatuluka zowonda kapena zonenepa modabwitsa, onjezani -aspect 4:3, pakuti ma TV a nthawi imeneyo anali a 4:3. Chonde musaikoke kuti idzaze sikirini yonse ya TV yamakono, mizere yakuda mmbali si vuto.

Disiki ikakhala yokalika, Windows imaima pakati pokopera nkunena za cyclic redundancy check. Ipukuteni ndi kansalu kofewa kuchokera pakati kupita kunja, osati mozungulira, ndipo yesani pa drive ina chifukwa ma drive amasiyana mphamvu, ina imawerenga pomwe inzake yalephera. Laputopu zambiri za lero zilibenso polowetsa disiki, DVD drive ya USB mutha kufunsa mmashopu a makompyuta mtauni mu Harare, ku Gulf Complex ndi kozungulira. Odziwa Linux agwiritse ntchito ddrescue pa DVD, imalumpha malo owonongeka nkudzabwererako pambuyo. Fayilo imene yatuluka ndi mabala, ikani -fflags +discardcorrupt -err_detect ignore_err musanalembe -i, FFmpeg idzadandaula ndi mizere yofiira yambiri koma nthawi zambiri imapitirira mpaka kumapeto. Malo owonongekawo adzalumpha kapena kuonetsa timabokosi, pamenepo palibe chobwezera.

Pali ma .wmv ndi .asf ena amene anagulidwa pa intaneti ali ndi loko ya DRM. FFmpeg imachenjeza kuti DRM protected stream detected, ndipo chotuluka chimakhala phala la mitundu kapena mdima. Amenewo sangakonveteke, kiyi yake inali pa kompyuta imene anagulira. Mavidiyo a pabanja sakhala ndi zimenezi.

Tima .3gp ta pa Nokia ndi Samsung zakale timakonveteka mosavuta ndi mzere waukulu uja, koma musayembekezere zozizwa, tambiri ndi ta 176x144 ndipo mawu ake a amr_nb ndi a 8000 Hz, amamveka ngati a pa lamya. Pa mawu otere 64k mmalo mwa 128k yakwana. TV ina ikakana mawu onjezani -ar 44100. Ndipo apa ndinene, kukweza vidiyo ya 320x240 kupita ku 1080p sikubweretsa chilichonse chimene kamera sinajambule, mungokulitsa fayilo ndi timabokosi take. Mapulogalamu a AI owalitsa mavidiyo amachita kupeka nkhope pomwe palibe zokwanira, agogo amatuluka osalala bwino koma si iwo. Isiyeni kukula kwake komweko, foni ndi TV zimakulitsa zokha posewera.

Ena amafunsa za mitundu ina ya vidiyo, WebM, H.265 kapena AV1. Zimachepetsa fayilo inde, koma pa laputopu yakale zimatenga nthawi yaitali ndipo mafoni otchipa ndi ma TV a USB ambiri amazikana. Vidiyo yoti ikafike kwa azakhali kumudzi ikhale H.264.

Ngati mafayilo ndi ambiri mu foda imodzi, musawachite limodzilimodzi. Mu Command Prompt lembani:

for %f in (*.flv *.rm *.rmvb *.wmv) do ffmpeg -n -i "%f" -c:v libx264 -crf 20 -pix_fmt yuv420p -c:a aac -b:a 128k -movflags +faststart "%~nf.mp4"

Kachilembo ka -n kamaletsa kufufuta MP4 imene ilipo kale, nde magetsi akathima mumangofufuta ija inadukira pakati nkuyambitsanso, zomwe zinatha izilumpha. Mukauika mzerewu mu fayilo ya .bat, paliponse pali % pakhale %%. Ma .flv a h264 aja achotseni kaye mu fodayo muwachite ndi -c copy paokha. Samalaninso ndi mafayilo awiri a dzina limodzi, ukwati.flv ndi ukwati.wmv, onse afuna kukhala ukwati.mp4 ndipo wachiwiri adzalumphidwa mwakachetechete.

Potumiza pa WhatsApp, mukaiponya ngati vidiyo wamba imapanikizidwanso ndipo ntchito yanu yonse ya crf ija yapita. Itumizeni ngati Document, imalola mpaka 2 GB ndipo imafika momwe ilili. Kwa a bandulo yochepa apangireni kope lapadera la crf 28 ndi mawu a 64k, kuchokera ku fayilo yoyambirira, osati ku MP4 imene mwapanga kale. Yoikira pa fulashi yoonera pa TV, kumbukirani kuti fulashi ya FAT32 siilandira fayilo imodzi yopitirira 4 GB, ngakhale mavidiyo akalewa safikako kawirikawiri. Ndipo mavidiyo a gule kapena a maliro, funsani kaye akuluakulu a pabanja musanawaike pa Facebook, sizonse zinajambulidwira anthu onse.

Dzina la fayilo yatsopano lilembeni lomveka, chaka, malo ndi mwambo, ngati 2004_Highfield_ukwati.mp4, ndipo yakale ija ya .rm kapena .flv isungeni mu foda yomweyo pambali pake, pa hard drive ndi pa malo ena achiwiri.